Za Mwana Wopukwa Kwao, Monga Aoneka m'Mabuku a Ana

Pali mau awiri m'cinenero cathu amene anthu ambiri awasokoneza, ndiwo kupukwa ndi kusungulumwa. Wopukwa ali nako kwao, ndipo mtima wace watsalira komweko cinkana thupi lacoka; akumbukira bwalo, akumbukira pfungo la utsi wa m'nyumba ya amace, akumbukira kanjira ka kucitsime. Koma wosungulumwa akhoza kukhala pakati pa mudzi umene anabadwiramo, anthu ali piringupiringu, iye nasowa ndi mmodzi yemwe womfunsa kuti wagona bwanji. Munthu wamkuru adziwa mau onse awiri, ndipo zikamgwera anena. Mwana sanena. Mwina sadziwa dzina la cimene cimpweteka. Mwina alidziwa, koma aopa kulichula. Cifukwa cace wolemba nthano za ana ali ndi nchito yobvuta, pakuti ayenera kutionetsa cinthu cimene mwini wace ali naco cete. Mwezi uno tifuna kuyesa olemba atatu pa nchito imeneyi, onse akazi, onse a maiko akutari. Ndipo tiyesa kuti amene munatumizapo mwana ku sukulu yogonera komweko, kapena kwa abale a kutauni kukalera khanda, simudzati nkhaniyi nja eni ace.

Makolo athu analidziwa kale bvuto ili, nalipezera njira. Kumbukirani nthano za madzulo. Mwana wamasiye wozunzidwa ndi mkazi wa atate wace sapita ku bwalo kukadandaula kwa mfumu, iai. Apita yekha ku mtsinje kapena ku thengo, nayimba kanyimbo kace, ndipo munthu wopita m'njira ndiye amva nakaulula kumudzi. Nthawi zina mbalame ndiyo iyimba m'malo mwace. Nyimboyo isenza zimene pakamwa pa mwana palephera kusenza. Koma buku liribe wolandira nyimbo. Munthu aliwerenga ali yekha, m'kacetecete. Tsono wolemba buku adzaika ciani pa malo a nyimbo ija?

Tiyambe ndi buku lochedwa Heidi, limene analemba m'Cijeremani mai wa ku Switzerland, Johanna Spyri, wobadwa m'caka ca 1827 namwalira m'caka ca 1901. Linaturuka m'zigawo ziwiri, cina mu 1880, cinzace mu 1881. Heidi ndi kamtsikana kamasiye. Ali ndi zaka 5, mbale wa amace, dzina lace Dete, anakamtula kwa agogo ace aamuna, nkhalamba yokhala yokha pamwamba pa phiri, yosamvana ndi anthu a m'mudzi wa m'munsi. Kumeneko mwanayo anagona pa udzu wouma, namwa mkaka wa mbuzi, natsagana ndi mnyamata woweta mbuzi, Peter, ndipo anakondwa. Zitapita zaka zitatu Dete anabweranso, namtenga kunka naye ku mzinda wa Frankfurt m'dziko la Germany, kuti azikaceza ndi Klara Sesemann, mwana wa munthu wolemera, wa zaka 12, wosatha kuyenda. Tisaiwale ici, pakuti mphamvu yonse ya nthanoyi yagona pomwepa: m'nyumba imeneyo Heidi sanamenyedwa, sanamanidwa cakudya, anali ndi kama wofewa, zobvala zabwino, ndi mphunzitsi wobwera tsiku ndi tsiku. Ali yense wa m'mudzi mwao akadati mwanayu wacita mwai.

Taonani tsono m'mene wolembayu agwirira nchito yace. Sathamangira kutiuza kuti mwana alikupukwa. Ayamba ndi dzina: mai woyang'anira nyumbayo, Fräulein Rottenmeier, akana dzina lakuti Heidi kuti silimveka, nayamba kumuitana Adelheid, kotero asanagone usiku woyamba, mwanayo walandidwa kale dzina limene agogo ace ankamuitana nalo. M'mawa mwace athamangira ku zenera, nacoka pa ili kunka pa linzace, kufuna kuona thambo ndi nthaka, koma paliponse apenya makoma ndi mazenera ena. Pambuyo pace, ali pakati pa maphunziro, amva mkokomo kunja. Adzambatuka, nagwetsa mabuku ndi inki, natsikira ku khomo. Kwao kuseri kwa kanyumba ka agogo kunali mitengo itatu yakale, yonga mikungudza, imene inkacita mkokomo mphepo ikaomba, ndipo iye anayesa kuti ndi imeneyo; cikhalireco anali magareta opita mumseu. Tsiku lina aturuka mozemba, nakwera nsanja ya chalichi, poganiza kuti munthu akakwera pamwamba ayenera kuona kutari monga amaonera pa phiri. Koma aona madenga okhaokha. Onani kuti m'zonsezi palibe mau odandaula. Makutu a mwanayo ndiwo apukwa, maso ace ndiwo apukwa, miyendo yace ndiyo ipukwa, mwini wace asanadziwe kuti cimsautsa nciani. Ndipo kwa akuru a m'nyumbamo zonsezi zioneka ngati cipongwe ca mwana wakumudzi wosaleredwa bwino.

Koma coposa zonse ndico ca mikate. Ku phiri kuja kunali nkhalamba yaikazi yakhungu, agogo ace a Peter, imene inkalephera kutafuna mkate wakuda wouma wa anthu osauka. Pomnyengerera Heidi kuti acoke, Dete anamuuza kuti akhoza kubwerera tsiku liri lonse afuna, ndi kuti adzatengera nkhalambayo timikate toyera tofewa ta mumzinda. Mwanayo anakhulupirira. Cifukwa cace nthawi iri yonse ya cakudya ankatenga kamkate kace osadya, nakabisa m'thumba, nakakaika pansi pa kabati ya zobvala. Ndipo muluwo unakula, timikate tija tinauma gwa, iye osadziwa kuti mkate wosungidwa masabata sudyeka. Ife tiyesa kuti m'mabuku a ana mulibe cizindikiro ca kupukwa coposa ici. Mkate uli wonse unali ngati mfundo ya pa cingwe yowerengera masiku. Uli wonse unkanena kuti, ulendo wa kwathu ulipo. Ndipo kupukwa kwace sikunali kwa kudzifunira yekha zabwino, koma kunabvala nkhope ya munthu wina amene iye ankamdera nkhawa. Potsiriza Fräulein Rottenmeier anaupeza muluwo, nalamula kuti autaye. Apo mpamene Heidi anadzigwetsa pansi nalira kosatonthozeka. Maiyo anaona uve wa m'kabati. Sanadzifunsa kuti mwana wokhuta abisiranji cakudya. Kodi ife tikapeza kacigamba ka nsaru yakale, kapena timiyala, kapena cimanga cokazinga m'thumba la mwana wobwera kudzakhala kwathu, timayamba ndi kufunsa kapena kutaya?

Pali tsiku lina limene Heidi ananena zoona poyera. Anamanga timikate tace m'nsaru yofiira, nabvala cipewa cace cakale ca udzu, nati alikupita kwao. Ndipo pokomana ndi Fräulein Rottenmeier pakhomo anakhuthula zonse za mumtima mwace. Yankho lace linali kumdzudzula kuti ndi mwana wosayamika, wosadziwa zabwino zimene amcitira. Pambuyo pace anamletsanso kulira, namuopsa kuti akaliranso powerenga adzamlanda buku limene analikonda. Apa wolembayu waona cinthu cimene ambiri a ife sitiona. Cimene cinatseka pakamwa pa mwanayo si ndodo iai, koma mangawa. Iye anakonda Klara, anakondanso atate wace wa Klara. Ndipo anaganiza kuti akanena kuti afuna kwao, anthu abwinowa adzamuyesa wosayamika, naleka kumkonda. Mwana wozunzidwa ali ndi mlandu wakuunena, ndipo anansi amva cisoni. Koma mwana wocitiridwa zokoma adzadandaula kwa yani, ndipo adzati ciani? Kuyambira pamenepo Heidi analira usiku wokha, nkhope ataikwirira mu mtsamiro kuti asamveke. Cakudya cinaleka kumlowa, nayamba kuonda.

Munthu mmodzi anaona maso ace ofiira, ndiwo agogo ace aakazi a Klara, amene anabwera kudzaceza masabata owerengeka. Iwo anamuonetsa buku la zithunzi, ndipo Heidi atapenya cithunzi ca mbusa ali pa msipu wobiriwira, dzuwa lirikulowa, anapfuula nalira. Nkhalambayo sinamkalipira; inamlonjeza kuti akadziwa kuwerenga bukulo lidzakhala lace, ndipo mwana amene mphunzitsi anamlephera miyezi yambiri anadziwa kuwerenga msanga. Pomfunsa cimene cimbvuta, iye anati sangathe kuuza munthu. Ndipo agogowo anamlangiza kuti auze Mulungu. Tiyamika Spyri kuti pano sananama. Heidi anapemphera masiku ambiri cinthu cimodzi comweco, ndipo poona kuti palibe cisintha analeka, nati Mulungu ali ndi anthu ambiri a ku Frankfurt owamvera, sangamve kamwana kamodzi. Olemba ena a mabuku a cipembedzo akadaopa kuika mau otere m'kamwa mwa mwana wabwino. Agogowo anamfotokozera kuti yankho lifika pa nthawi yace, ndipo anayambanso kupemphera. Komabe tisabise ici: mai wanzeru ndi wacifundo ameneyu anabwerera kwao osadziwa cimene cinali kudya mwanayo. Anampatsa khutu la kumwamba, koma la pansi pano linasowabe.

Tsono pakudza mutu umene ana aukonda koposa, wa mzukwa. M'mawa uli wonse anchito anapeza citseko cacikuru ca nyumba ciri cotsegula, cinkana madzulo anacitseka ndi mipiringidzo. Palibe cinabedwa. Anchito awiri aamuna anacezera usiku, naona cinthu coyera pa makwerero, nathawa. Nyumba yonse inagwidwa ndi mantha, kufikira anaitana mwini nyumba kucokera ku ulendo wace. Iye anakhala maso pamodzi ndi bwenzi lace dotolo, mfuti ziri pa gome. Ndipo pakati pa usiku anamva mpiringidzo ulikusuntha. Poturuka ndi nyali, anapeza Heidi ali ciriri pakhomo, m'maraya ace ogonera, alikunjenjemera ndi mphepo, osadziwa kuti wafika bwanji pamenepo. Mzukwa umene unaopsa amuna akuru unali mwana woyenda m'tulo. Usiku uli wonse ankalota ali kwa agogo, alikumva mitengo ija, nathamanga kukatsegula citseko ca kanyumba kuti aone nyenyezi. Ndipo pogalamuka anapezeka ali ku Frankfurt. Cimene pakamwa panakana kunena usana, miyendo inanena usiku. Imeneyi ndiyo nyimbo ya mwana wamasiye ya m'nthano zathu, yoyimbidwa ndi thupi. Ndipo werengani mosamala mafunso a dotoloyo, pakuti ngoyenera kuwaphunzira. Sanayamba ndi kufunsa ngati afuna kwao. Anafunsa za maloto. Anafunsa ngati pali pomwe pampweteka, ndipo mwanayo analoza pa cifuwa, kuti pali cinthu colemera ngati mwala. Pomfunsa ngati akondwa ku Frankfurt anabvomera, koma ndi mau otsika omveka ngati kukana. Ndipo pamene dotolo anamuyesa dala, kuti kapena ku phiri kuja kunali kosakondweretsa, apo mpamene dziwe linaphulika. Mankhwala anali amodzi okha: mwanayu apite kwao mawa lomwe. Mwini nyumba anacita manyazi kubweza mwana woonda amene anafika wonenepa, napempha kuti ayambe amnenepetsa; dotolo anakana.

Tingonena pang'ono kuti Spyri sanapeka nthendayi. Anthu a ku Ulaya ankaicha nthenda ya anthu a ku Switzerland, popeza anyamata a kumapiriko olembedwa usilikari m'maiko ena ankadwala nayo. M'caka ca 1688 wophunzira za mankhwala ku Basel, Johannes Hofer, analemba za iyo, naipangira dzina lakuti nostalgia, kucokera ku mau awiri a Cihelene, lina lonena kubwerera kwao, lina lonena ululu. Kotero dotolo wa m'nthanoyi alikulankhula monga ankalankhulira madotolo enieni a masiku amenewo, amene anayesa kupukwa nthenda yokhoza kupha.

Koma bukuli liri ndi cirema cace, ndipo siticibisa. Kucira kwace nkwapafupi kopambana. Phiri liripobe, agogo alipobe, mbuzi zimzindikira, nkhalamba yakhungu ikali ndi moyo kuti ilandire timikate tace. Heidi awerengera agogo ace fanizo la mwana wolowerera, ndipo nkhalamba youma mtima ija itsikira ku chalichi niyanjana ndi mudzi. M'cigawo caciwiri phiri lomwelo liciza ndi Klara yemwe, nayamba kuyenda. Zonse za kumudzi nzabwino, zonse za mumzinda nzopanikiza. Akuru anati kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo Spyri akadabvomereza mwambiwu ndi manja awiri. Nanga mwana amene kwao kunapasuka, nyumba inagwa, abale anabalalika, dotolo adzamlembera mankhwala anji? Ndiponso Heidi ngwokoma mtima kopitirira. M'masautso ace onse sacita nkhanza, sabwezera mau, sada munthu. Mwana wotere ngwapafupi kummvera cisoni. Ana ambiri opwetekedwa mumtima sakhala otero.

Cifukwa cace tiyesa kuti Frances Hodgson Burnett anasenza katundu wolemera koposa m'buku lace la mu 1911, The Secret Garden, ndiko kunena munda wobisika. Mwana wace, Mary Lennox, ngwonyansa nkhope, woonda, waukali, wolamulira anchito ndi kuwatukwana. Anabadwira ku India kwa makolo Angerezi amene sanamfuna. Amace anampereka kwa mlezi wa Cimwenye, nalamula kuti asamaoneke pamaso pao. Nthenda ya kolera itagwa, mlezi anafa, makolo anafa, anchito otsala anathawa, ndipo Mary anaiwalika m'cipinda cace. Anagona tulo, nadzuka m'nyumba ya zii, mopanda wina koma kanjoka kokwawa pansi. Sanalira amace, pakuti sanawadziwa. Mwana wina atamuuza kuti adzamtumiza kwao, iye anafunsa kuti kwaoko nkuti. Uyu sangapukwe, popeza alibe cakucipukwa. Anamtumiza ku Yorkshire m'dziko la England, kwa mwamuna wa mlongo wa atate wace, Archibald Craven, m'nyumba ya zipinda ngati 100, zambiri zotseka, ndipo mwini nyumbayo sanafuna kumuona.

Kusungulumwa kwa Mary kuoneka ngati mwano. Koma wolembayu atipatsa kacizindikiro kamodzi kuyambira pa masamba oyamba: mwanayu akakhala yekha aunjika timilu ta dothi, nazikamo maluwa othyola, kuyesa kulima munda; ndipo maluwa opanda mizu afota. Acita ici kawiri asanacoke ku India. Mau akuti kusungulumwa sanawadziwa kuti amkhudza, kufikira anawamva m'kamwa mwa munthu wina. Nkhalamba yolima m'munda, Ben Weatherstaff, yokwiyakwiya ngati iye yemwe, inali ndi bwenzi limodzi, kambalame ka cifuwa cofiira. Ndipo ponena za kambalameko ndi za kukhala kwace yekha, Mary anazindikira mwadzidzidzi kuti ici ndico cimodzi ca zimene zimamkwiyitsa masiku onse. Ndipo sanaulula kwa nkhalambayo, koma kwa mbalame. Apa Burnett walasa pamtima. Mwana sapeza yekha dzina la bvuto lace. Alibwereka kwa wamkuru amene sanacita manyazi kuchula lace. Pambuyo pace Mary amva kulira kwa mwana usiku m'nyumba ija, anchito namnamiza kuti ndi mphepo. Iye sakhulupirira, natsata mauwo kufikira apeza Colin, mwana wa mwini nyumba, wobisidwa m'cipinda, woyesa kuti adzafa ali mwana. Khutu la wosungulumwa ndilo linamva mnzace. Ndipo pamene Craven anamfunsa ngati afuna zidole kapena mabuku, iye anapempha kadothi pang'ono kakubzalamo mbeu. Heidi anacira pobwerera kwao; Mary anacira polima kwao ndi manja ace, m'munda umene unakhala wotseka zaka 10, mfungulo wace utakwiriridwa pansi. Kwa mwana amene alibe kobwerera, nthano iyi ndiyo inena zoona.

Koma pali cinthu m'bukuli cimene ife owerenga a kuno sitingathe kucilumpha. Mlezi uja wa ku India, amene ananyamula Mary kuyambira ali khanda, namsambitsa, nambveka, napirira makofi ace, kawirikawiri m'bukuli angochedwa Ayah, ndilo dzina la nchito yace cabe. Atafa palibe amlira, ndipo wolembayo saona kanthu kacilendo pamenepo. Kwa Burnett dziko la India ndilo dzuwa lodwalitsa ndi anchito ogwada, ndipo mphepo ya ku Yorkshire ndiyo mankhwala. Cikhalireco usiku umene Mary anapeza Colin, pofuna kumgoneka, anamsisita dzanja namuyimbira motsitsa kanyimbo ka cinenero ca ku India, monga mlezi wace ankamcitira. Cinthu cimodzi cofatsa cimene mwanayu anaoloka naco nyanja cinacokera kwa mkazi woiwalikayo. Tsono kodi nzoona kuti Mary analibe wakumpukwa? Ife tiyesa kuti analipo, koma wolembayo, pokhala mwana wa nthawi yace, sanatha kumuona. Dzanja lace linalemba zoona zimene maso ace anazilambalala.

Wacitatu timchula mwacidule, ndiye Anne Shirley, wa m'buku la L. M. Montgomery la mu 1908, Anne of Green Gables, nthano ya pa cisumbu ca Prince Edward Island ku Canada. Heidi akhala cete, Mary akalipa, koma Anne alongolola osapuma, ndipo wowerenga wosacenjera aseka napitirira. Makolo ace anafa iye ali ndi miyezi itatu. Anakulira m'nyumba za eni, kulera ana a eni, ndipo m'nyumba ina munali ana 8, mapasa katatu. Ali ndi zaka 11 anafika kwa nkhalamba ziwiri, Matthew Cuthbert ndi mlongo wace Marilla, amene anaitanitsa mnyamata wothandiza kumunda, nalandira mtsikana molakwika. Pakati pa kulongolola kwaceko aulula, ngati nkhani yacabe, kuti m'nyumba yoyamba bwenzi lace linali cithunzithunzi cace ca iye mwini pa galasi la kabati ya mabuku, cimene anacicha Katie Maurice. Ndi kuti m'nyumba yaciwiri bwenzi lace linali mau ace omwe obwerera kucokera ku cigwa, amene anawacha Violetta. Nkhope yace ndi mau ace, ndiwo anali abwenzi ace onse. Montgomery sanafuna kutari ici: amace anamwalira iye asanakwane zaka ziwiri, naleredwa ndi agogo ace, ndipo iye mwini ali mwana anali naye Katie Maurice wa pa galasi. M'mawa woyamba ku Green Gables, poyesa kuti ambweza, Anne afika pa khomo kuti akasewere, nabwerera kukakhala pansi. Ati sayenera kuturuka kukadziwana ndi mitengo ndi kamtsinje, cifukwa akazikonda kucoka kudzawawa koposa. Mwana wa zaka 11 wadziwa kale kuumira cikondi cace, monga mai aumira ufa m'mwezi wa njala.

Nthano zambiri za m'bukuli nzoseketsa, ndipo nthawi zina Montgomery acurukitsa maluwa ndi kulowa kwa dzuwa kufikira wowerenga atopa. Koma ca kumapeto acita cinthu cimene anzace awiri aja sanacita. Anne, atakhala pa Green Gables zaka zinai, apita kukaphunzira uphunzitsi ku Charlottetown. Madzulo oyamba, ali yekha m'kacipinda ka nyumba yogonera, apenya pa zenera naona mseu wouma ndi anthu osawadziwa. Aganiza kuti nthawi yomweyo Matthew ali pafupi kufika kunyumba, ndi kuti Marilla waima pa cipata kumuyembekeza. Ayesa kuwerenga misozi yace umodzi umodzi, nalephera. Mwana amene anafika ndi kathumba kakale, wopanda malo ali onse padziko akuwakumbukira, tsopano alikupukwa kwao monga Heidi. Ndipo wolembayo atitengeranso ku Green Gables tsiku lomwelo. Marilla, mai wouma uja amene poyamba anati mtsikana alibe naye nchito, anagwira tsiku lonse zinchito zosafunika kuti asaganize. Ndipo usiku, podziwa kuti m'kacipinda ka kumapeto kwa nyumba mulibe wopuma, anakwirira nkhope yace mu mtsamiro nalira, mpaka iye mwini anadabwa nako kulira kwaceko.